Tansulosina 0,4 mg: mkodzo umayendadi, koma umuna umapita kuti?

Mwamuna amene wayamba kudzuka kanayi kapena kasanu usiku umodzi kukataya madzi, n'kumaima nthawi yaitali mkodzo ukungodontha, akapita kuchipatala nthawi zambiri amatuluka ndi receita, kalata ya dokotala yogulira mankhwala, yolembedwa kuti Tansulosina 0,4 mg. Ndi mankhwala amenewa amene tikuwaunika pano. Amabwera m'kabokosi, kawirikawiri ka makapisozi 30, okwanira mwezi umodzi. Anthu a kuno ku Mozambique amene amagula kutsidya kwa malire ku Malawi, ku Dedza kudzera pa Calómuè kapena ku Mwanza kudzera pa Zóbuè, amapeza palembedwa Tamsulosin, ndipo ena amakumana ndi mayina a malonda monga Omnic kapena Flomax. Mankhwala ake ndi amodzimodzi. Anayamba kupangidwa ku Japan ndi kampani ya Yamanouchi, koma lero mafakitale ambiri amawapanga, n'chifukwa chake mtundu wa kabokosi umasinthasintha.

Tinene msanga maganizo athu. Pa ntchito imene anawapangira, mankhwalawa ndi abwino, ndipo sachedwa kuonetsa mphamvu. Koma ali ndi khalidwe lina limene pawindo la famasi silitchulidwa kawirikawiri. Mwamuna amakhala malo amodzi ndi akunyumba kwake bwinobwino, mphamvu zilipo, kukoma akukumva, koma pomaliza osatuluka kanthu, kapena kungotuluka timadontho tiwiri. Kapepala ka m'bokosi kamanena zimenezi, koma m'Chipwitikizi, m'tizilembo tofuna magalasi: ejaculação retrógrada, kapena alterações da ejaculação. Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano amene sanauzidwe kanthu sangaganize za kapisozi amene wamwa m'mawa. Amaganiza kuti wina wamumanga. Mayi nawonso amaganiza kuti bambo akuthira kwina, ndipo nkhani imene ikanathera pakauntala ndi mawu awiri imakafika kwa ankhoswe.

Kuti zimveke, tiyambe ndi mmene thupi lilili. Chikhodzodzo chili ngati thumba lozondoka, kamwa lake lili pansi. Pakamwapo pali mnofu wozungulira umene umamanga ngati chingwe cha pathumba la chimanga. Pansi pa mnofuwo pali prositeti, imene pa mapepala a kuchipatala amalemba kuti próstata, kachiwalo kokula ngati suku. Njira ya mkodzo imaboola pakati pa prositetiyo, ndipo timapaipi tiwiri tobweretsa umuna timathira m'njira yomweyo. Choncho umuna ukafika pamenepo umakhala uli pamphambano. Kutsogolo ndi kunja, kumbuyo ndi m'chikhodzodzo. Mwamuna akafika pothira, mitsempha yochokera kumsana imalamula mnofu wa pakhomo la chikhodzodzo kuti umange kwambiri, kenaka minofu ya m'munsi imafinya motsatizana. Poti kumbuyo kwatsekedwa, umuna umatulukira kutsogolo. Khomolo likapanda kutsekeka, umuna umatsata njira yapafupi n'kugwera m'chikhodzodzo. Sukhalitsamo ndipo suwononga chilichonse. Umatuluka ndi mkodzo woyamba, umene umaoneka wotuwa ngati madzi otsukira mpunga.

Tansulosina amagwira ntchito pamalo omwewo. Amuna akamakula, makamaka akapitirira zaka 50, prositeti imakula n'kumafinya njira ya mkodzo. Mankhwalawa amafewetsa minofu ya m'prositeti ndi ya pakhomo la chikhodzodzo kuti mkodzo udutse. Ubwino wake ndi vuto lake zikuchokera pamodzi: chingwe chimene chamasulidwa kuti mkodzo utuluke n'chomwecho chimene chimafunika kumanga pa nthawi yothira. Pa mayeso amene kampani inachita mankhwalawa asanaloledwe ku America mu 1997, amuna 8 mwa 100 aliwonse omwa 0,4 mg anadandaula za kusintha kwa kathiridwe, ndipo mwa omwa 0,8 mg anali 18 mwa 100. Mukuona kuti kuwirikiza mlingo kukuwirikizanso vutolo. Palinso mfundo ina imene madokotala anaizindikira pambuyo pake. Mwa amuna ambiri omwa tansulosina, umuna subwerera m'chikhodzodzo, koma timatumba tosunga madzi a umuna sitifinya mokwanira, ndiye umuna wofika pamphambano paja umakhala wochepa kapena sufika n'komwe. Kwa mwini wake zonse n'chimodzimodzi, kwauma basi. Koma kwa woyeza ku labotale kusiyanaku n'kofunika, tibwererako.

Chotonthoza n'chakuti ngati gwero lake ndi mankhwalawa okha, vutoli silikhalitsa. Munthu akasiya kumwa, umuna umabwerera pakapita masiku ochepa. Mavalo sawonongeka, mbewu ikupangidwabe. Komabe kusiya si kongodzisiyira, chifukwa mkodzo umayambiranso kuvuta, ndipo kwa ena umatsekekeratu mpaka kukawalowetsa kapaipi.

Kamwedwe kake

Kapisozi mmodzi pa tsiku, atadya, nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Mapepala ena amati pambuyo pa chakudya cha m'mawa, ena amati patapita theka la ola mutadya. Chofunika n'chakuti m'mimba musakhale mopanda kanthu, chifukwa pamimba yanjala mankhwala amalowa m'magazi ochuluka nthawi imodzi ndipo chizungulire chimakula. Anthu amene amalawirira kumunda osalawa kanthu angachite bwino kupempha adokotala kuti awalole kumamwa pambuyo pa nsima yamadzulo.

Mukatsegula kapisozi mmodzi n'kukhuthulira padzanja, simupeza ufa. Mumapeza timibulu toyera tating'ono ngati mbewu za mawere. Kambulu kalikonse kali ndi chikuto chimene chimasungunuka pang'onopang'ono, ndipo ndi zimene akutanthauza akalemba pabokosi kuti libertação prolongada kapena libertação modificada. Ndiye kutafuna, kusinja, kapena kusungunulira m'thobwa poti agogo amavutika kumeza, n'kuwononga mankhwala. Mphamvu ya tsiku lonse imalowa pa ola limodzi, magazi amatsika, munthu n'kugwa. Kugawa kapisozi pawiri kuti bokosi likhalitse n'kulakwa komweko.

Kusintha kwa mkodzo ambiri amakuona sabata yoyamba kapena yachiwiri. Pakatha milungu inayi popanda kusintha, bwererani kuchipatala, musadziwonjezere mlingo. Ndipo dziwani kuti tansulosina sachepetsa kukula kwa prositeti, sachiza khansa ya prositeti, komanso satsegula njira imene yatsekeka ndi chipsera. Amangofewetsa mnofu.

Zovuta zina n'zodziwika. Chizungulire poimirira msanga, makamaka masiku oyamba, ndipo kutentha kwa mumzinda wa Tete ndi ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40, kumawonjezera chifukwa thupi limakhala litauma kale. Podzuka usiku khalani kaye m'mphepete mwa bedi kapena pamphasa musanaime. Oyendetsa galimoto, njinga zamoto ndi makina a m'migodi ayambe kumwa pa tsiku lopuma. Mphuno zimatha kutsekeka ngati chimfine. Amene akuyembekezera opaleshoni ya ng'ala awauze adokotala a maso kuti amamwa kapena anamwapo tansulosina, ngakhale anasiya kalekale, chifukwa amafewetsa kanembanemba ka m'diso ndipo opaleshoni imavuta ngati dokotala sanakonzekere. Omwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir/ritonavir ndi lopinavir/ritonavir, komanso omwa mapiritsi a ketoconazole, asayambe asananene, chifukwa mankhwala amenewa amachititsa kuti tansulosina achuluke m'magazi. Pitani ndi khadi lanu la mankhwala, musamangoti "ndimamwa aja a tsiku ndi tsiku".

Pali gulu lina limene limapatsidwa mankhwalawa koma silili lachikulire: anyamata amene kamwala ka mu impso kawatsekera m'njira yotsikira kuchikhodzodzo. Adokotala amawalembera tansulosina wa milungu yosapitirira inayi kuti kamwalako katsike. Amenewa ndi amene amadzidzimuka kwambiri, chifukwa ambiri angokwatira kumene ndipo kuchimuna ndi kuchikazi akuwerenga miyezi. Mawu awiri okha pakauntala, "Achimwene, masiku amenewa mwina muziona kouma, musadabwe, zidzabwerera mukamaliza", angapulumutse banja ku mavuto.

Pamene kapisozi akungonamiziridwa

Apa ndi pamene tikufuna kukhalitsa, chifukwa kudziwa kuti tansulosina amaumitsa kuli ndi ngozi yakenso. Mwamuna akhoza kuloza chala kapisozi pamene chomudya chili pena.

Choyamba ndi matenda a shuga. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga mitsempha yaing'ono yotumiza mauthenga, kuphatikizapo ija yolamula khomo la chikhodzodzo kuti limange. Vuto la shuga silibwera tsiku limodzi monga la kapisozi. Umuna umayamba kuchepa pang'onopang'ono, miyezi ikupita, mpaka kudzauma. Nthawi zambiri pamakhalanso dzanzi kapena kuyaka kumapazi, ludzu, kuwonda, zilonda zosapola msanga, ndi mphamvu zakuchipinda zochepa. Chosokoneza n'chakuti wodwala shuga nayenso amakodza pafupipafupi usiku. Ndiye munthu wa zaka 45 amene wadzigulira tansulosina chifukwa choona mnzake akumwa, mwina prositeti yake ilibe vuto lililonse, akungochedwetsa kupezeka kwa shuga. Kuyeza kwake n'kosavuta, kadontho ka magazi a pachala m'mawa musanadye. Akapeza 7,0 mmol/L, kapena 126 mg/dl, kapena kupitirira apo pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti ndi shuga. Ife timaona kuti mwamuna aliyense amene umuna wake wauma ayenera kuyezetsa shuga, kaya akumwa tansulosina kaya ayi.

Chachiwiri ndi opaleshoni. Opaleshoni yopala prositeti kudzera m'njira ya mkodzo, imene pa mapepala a Chipwitikizi amaifupikitsa kuti RTU, komanso ija yong'amba pamimba kuchotsa mkati mwa prositeti, imadula mnofu wa pakhomo paja. Amuna awiri mwa atatu, kapenanso kuposa, amene apalidwa prositeti amakhala ndi umuna wobwerera, ndipo umenewu ndiye wobwerera weniweni, sudzasinthanso. Amene anachitidwa opaleshoniyi n'kupatsidwanso tansulosina asayembekezere kuti akasiya kumwa zibwerera. Opaleshoni zikuluzikulu za m'munsi mwa mimba, za khansa ya m'matumbo akumunsi kapena zochotsa mwanabele wa kumbuyo kwa mimba chifukwa cha khansa ya mavalo, nazo zimatha kudula mitsempha yopita kukhomolo.

Chachitatu ndi msana. Kugwa panjinga yamoto, kugwa mumtengo kapena padenga, kugweredwa ndi katundu, ngati zakhudza mtsempha waukulu wa mumsana, uthenga sufika. Chifuwa chachikulu cha mumsana chikafika pofinya mtsemphawo chingathenso kutero. Munthu wotereyu amakhalanso ndi kufooka kwa miyendo kapena vuto logwira mkodzo.

Chachinayi ndi mankhwala ena. A matenda a maganizo monga chlorpromazine ndi risperidone amadziwika ndi khalidwe lomweli, ndipo ena a kuthamanga kwa magazi a gulu limodzi ndi tansulosina, monga doxazosin ndi prazosin, angachitenso. A matenda a maganizo musawasiye nokha ngakhale tsiku limodzi. Kambiranani ndi amene anakulemberani.

Pomaliza pali chipsera cha m'njira ya mkodzo, chimene kawirikawiri chimatsalira pambuyo pa chinzonono chosachiritsidwa bwino, kapena kuvulala pakati pa miyendo. Njira ikapapatiza kutsogolo, umuna umalephera kudutsa mwamphamvu, umangotsika pang'onopang'ono pambuyo pake kapena kubwerera. Mkodzo wa munthu wotereyu umatuluka wopyapyala ngati ulusi, nthawi zina wogawikana pawiri. Tansulosina pamenepa ndi kutaya ndalama. Anthu a m'mbali mwa Zambezi ndi kunyanja ya Cahora Bassa akumbukirenso likodzo. Limabweretsa magazi kumapeto kwa mkodzo, nthawi zina mu umuna momwe, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel, osati makapisozi awa.

Kusiyanitsa zonsezi kumayamba ndi funso limodzi: kuumaku kunayamba liti, musanayambe kumwa makapisozi kapena mutayamba? Kenaka pali kuyeza kumene labotale iliyonse yokhala ndi maikulosikopu ndi makina ozunguza timabotolo ingathe kuchita. Mwamuna amakhala masiku awiri mpaka asanu ndi awiri osathira. Pa tsikulo amakodza kaye mpaka chikhodzodzo chitheretu, kenaka amathira m'kabotolo koyera chilichonse chimene chingatuluke, ndipo mkodzo woyamba pambuyo pake amauika m'kabotolo kena. Onse awiri afike kwa woyeza lisanathe ola limodzi. Woyeza amazunguza mkodzowo n'kuyang'ana zotsalira pansi. Akapezamo mbewu yambiri pamene kabotolo koyamba kali kouma kapena kali ndi kochepa, ndiye kuti umuna ukubwereradi. Akapanda kupeza mbewu konse mumkodzo, vuto si khomo la chikhodzodzo. Mwina umuna sukufika pamphambano paja, mwina timapaipi tatsekeka, mwina mbewu sikupangidwa. Bungwe la WHO limaika 1,4 ml ngati malire a pansi a umuna wa nthawi imodzi, kutanthauza osakwana ngakhale theka la kasupuni ka tiyi, ndiye ambiri odandaula kuti "wachepa" alibe vuto. Kumene kuyezaku kumalakwika ndi pamene munthu wachita manyazi n'kubwera ndi mkodzo wachiwiri, kapena wausunga kuyambira usiku, kapena wauika m'botolo lotsalira sopo. Yambirani pachipatala chapafupi. Ngati pakufunika kuona zambiri, iwo ndi amene amalemba kalata yopitira kuchipatala chachikulu ku Ulónguè kapena ku Hospital Provincial de Tete.

Poyerekeza ndi anzake

Silodosin, wa gulu lomweli, amatsegula mkodzo bwino koma pa nkhani youmitsa ndiye mkulu wake: pafupifupi amuna 28 mwa 100. Kuchoka pa tansulosina kupita kumeneko chifukwa cha umuna n'kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Alfuzosin wa 10 mg saumitsa kawirikawiri, ndipo kwa mwamuna amene nkhaniyi ikumusowetsa mtendere ndiye woyamba kumufunsa, ngati akupezeka. Doxazosin ndi terazosin nawo saumitsa kwambiri koma amatsitsa magazi kuposa tansulosina, ndipo amayambidwa ndi mlingo wochepa pogona. Finasteride wa 5 mg ndi wamtundu wina. Iye amachepetsadi prositeti, koma zimatenga miyezi isanu ndi umodzi, amachepetsanso umuna, ndipo kwa ena chilakolako chimatsika. Akaphatikizidwa ndi tansulosina, vuto la kathiridwe limachuluka. Mayi woyembekezera asagwire piritsi la finasteride losweka.

Kwa bambo wachikulire amene ana ake anakula, ndipo chimene akufuna ndi tulo ndi kuyenda ulendo wa basi wochokera ku Furancungo kukafika ku Tete osaimitsa dalaivala, tansulosina ndi woyenera ndalama zake. Angodziwa pasadakhale, ndipo awauze akunyumba. Kwa amene akufuna mwana, funso liyenera kufunsidwa receita isanalembedwe: "Abambo, kodi kunyumba mukufunabe mwana?" Yankho likakhala inde, dokotala aganizire mankhwala ena.

Kwa amene umuna ukubwerera chifukwa cha shuga kapena mitsempha, pali mankhwala omanga khomolo, pseudoephedrine ndi imipramine. Amathandiza ena, osati onse, ndipo kwa opalidwa prositeti sathandiza kwenikweni chifukwa mnofu womanga unachotsedwa. Tikuwatchula ndi chenjezo. Pseudoephedrine amapezeka m'mankhwala ena a chimfine, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa mwamuna wa prositeti yotupa akhoza kutsekeratu mkodzo usiku umodzi. Zipatala zothandiza mabanja osowa ana zilinso ndi njira yotenga mbewu mumkodzo, mwamuna atamwa kaye soda wochepetsa ukali wa mkodzo, n'kuitsuka ndi kuiika m'chiberekero. Ndiye mwamuna wa vutoli si gojo. Mbewu ilipo, yangosochera njira.

Zimene sitingavomereze ndi zija ambiri amathamangirako. Gondolosi, ufa wa m'timabotolo ndi timapaketi ta "mphamvu" ta pamsika sizimanga khomo la chikhodzodzo. Sildenafil, piritsi labuluu lija, ntchito yake ndi kudzutsa basi, sabweza umuna, ndipo akakumana ndi tansulosina m'thupi magazi akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka. Ngati dokotala walola kuti mumwe onse awiri, amayamba ndi mlingo wochepa wa sildenafil. Mowa nawo umawonjezera chizungulire.

Pogula, gulani m'famasi yovomerezeka, ndi receita. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi ANARME. Yang'anani nambala ya lote (gulu limene anapangidwira) ndi tsiku la validade (lothera mphamvu), ndipo zikhale zofanana pabokosi ndi pa kapepala konyezimira kamene makapisozi akutidwamo. Makapisozi ongowerengeredwa m'kapulasitiki, otandikidwa padzuwa pa tsiku la msika, simungadziwe kuti ndi ati kapena anaphikika kwa miyezi ingati. Kunyumba asungeni m'bokosi lawo, pamthunzi, kutali ndi moto wa kukhitchini, osati m'kabati ka m'galimoto kapena pawindo la nyumba ya malata. Kapisozi amene wafewa, wamatirira kapena wasintha mtundu, mtayeni. Mukadumphitsa masiku angapo, yambiraninso ndi mmodzi, musabwezere amene anatsala.

Kuuma kumeneku si njira yolerera. Masiku ena timadontho timatuluka, ndipo timadonthoto tikhoza kupereka mimba. HIV, chinzonono ndi chindoko zimapatsiranabe ngakhale pasatuluke kanthu, ndiye kondomu ikufunikabe monga kale. Ndipo mkodzo ukatsekeratu, mimba ya m'munsi n'kufufuma ndi kupweteka, kapena pakabwera magazi, kutentha thupi, kapena chida chikadzuka n'kukana kugona kwa maola anayi, musamwe kapisozi wachiwiri. Pitani ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala, tsiku lomwelo.